Mphepo ya kwa Wimbe, makutu a pa Kamwendo

Amene mumapadziwa pa Kamwendo mukudziwa kuti msewu wochokera ku Lilongwe ukafika pano umachita mphanda. Wina umapitirira ku boma la Mchinji mpaka kuchipata cha Mwami, kolowera ku Chipata. Winawo umakhotera kumpoto, kudutsa pa Kapiri, ulendo wa ku Kasungu. Nkhani yanga ya lero idabadwira uko kumene msewu wachiwiriwu umalowera, koma kuti itipeze ife anansi ake idayamba yazungulira ku America ndi ku Britain, ndipo pofika kuno inali itasintha mawu.

Ndikunena za William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, yemwe adabadwa mu 1987. Njala ya 2001 mpaka 2002 itafika posauzana, makolo ake adalephera kumulipirira fizi pa sekondale ya Kachokolo, mnyamata n'kubwerera pakhomo. Sadangokhala. Ankapita ku kalaibulale ka pa pulaimale ya Wimbe, ndipo kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankawerenga zithunzi kuposa mawu. Adakatola chokupizira injini ya thirakitala pamtaya wa zitsulo, adawamba mapaipi apulasitiki pamoto n'kuwatambasula kuti akhale mapiko, adatenga njinga yakufa ya bambo ake, n'kudula milongoti ya bulugamu. Dayinamo adamugulira mnzake Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe. Anthu ankati mwanayu wapenga, ena ankati wayamba chamba. Tsiku limene mapiko aja adazungulira, babu n'kuyaka m'manja mwake, oseka aja adasowa chonena.

Mu 2006 nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye. Mu 2007 adakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo kuchokera pamenepo zitseko zidatseguka mpaka kukamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, adalemba pamodzi ndi mtolankhani wa ku America Bryan Mealer, ndipo lidatuluka mu 2009. Patapita zaka khumi, Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, adalisandutsa filimu. Adalemba yekha, adaitsogolera yekha, ndipo adasewera ngati a Trywell, bambo ake a William. Idaonetsedwa koyamba ku Sundance mu Januwale 2019, kenako pa 1 Malichi idalowa pa Netflix.

Ine ndidaionera patapita miyezi ingapo, m'kachipinda ka vidiyo kuseri kwa mashopu pano pa Kamwendo. Mukuzidziwa zipinda zimenezi: mabenchi a matabwa, pakhomo potchinga ndi nsalu yakuda, sipika yaikulu yoloza kumsewu, jenereta ikulira kuseri. Wina adabwera nayo pa fulashi kuchokera ku Lilongwe. M'chipindamo munadzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kwabwera filimu yachizungu yojambulidwa ku Kasungu, anthu ake akuyankhula Chichewa.

Bambo wa m'filimu uja atangotsegula pakamwa, m'chipinda monse mudamveka phwete. Mnyamata amene adakhala kutsogolo kwanga adatembenuka n'kufunsa mnzake kuti, “Aise, akutinji ameneyu?” Mnzakeyo, yemwe adafika Fomu 2, adayamba kuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa kanema n'kumamasulira m'Chichewa. Taganizani zimenezo. Munthu akuyankhula chiyankhulo chako, koma kuti umumve ukudalira mnzako amene akuwerenga Chingerezi. Bambo wina wachikulire, wokulira chakufupi ndi mishoni ya Guilleme, adati chikumveka ngati Chichewa cha wansembe wachizungu amene wangotsika kumene ndege, asanadye nsima yokwanira.

Ku Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mkangano unali womwewu, ndipo ena akunja ankadabwa kuti Amalawi akudandaula chiyani pamene dziko lawo latchuka. Tiyeni tiunike bwino pamenepa, chifukwa dandauloli si la anthu ovuta kusangalatsa. Ife a m'malire muno makutu athu ndi otakata. Tsiku la msika timamva Chinyanja cha ku Chipata, timamva cha ku Lusaka chosakaniza ndi Chibemba, timamva Chinsenga, timamva Chichewa cha abale ochokera ku Mozambique, ndipo tonse timagulitsana mtedza ndi soya popanda womasulira. Chimene chidativuta m'filimu muja n'chakuti Chichewa chili ndi nyimbo yake ndi mpweya wake. Mtengo womera kutchire ndi mtengo wa katundu pamsika zimalembedwa mofanana, zimasiyana pokweza ndi potsitsa mawu. Kupala moto si phala la mwana. Kukola mbewa si khola la ng'ombe. Kampweya kakang'ono kaja kakasowa, kapena mawu akakwera pofunika kutsika, zilembo zonse zimakhala zilipo koma munthu amene akuyankhulayo palibe.

Ndipo amene adasowayo ndi munthu wofunika. Bambo wachichewa akamakalipira mwana wake pa nthawi ya njala, ukali wake umamveka mwina, chifukwa mkati mwake muli manyazi a mwamuna amene nkhokwe yake yagona pansi. Mayi akamauza ana kuti lero tidya kamodzi, amatsitsa mawu mwa njira imene aliyense wa ife adaimvapo kwa mayi ake. Zimenezi suphunzira pa miyezi yochepa ndi mphunzitsi wa chiyankhulo. Ejiofor ndi katswiri, nkhope yake inkanena zoona, koma lilime linkamukana. Amene adasewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Amene adasewera mayi Agnes, Aïssa Maïga, ndi wa ku France wobadwira ku Senegal. Koma Lily Banda, mwana wa kuno kwathu amene adasewera Annie mlongo wake wa William, akangoyankhula, m'chipinda muja anthu ankapuma bwino, ngati munthu amene wavula nsapato yothina.

Ndiyenera kunenanso mbali inayo, chifukwa ikundikhudza mofanana. Ejiofor akadatha kukajambulira filimuyi ku South Africa, kumene zipangizo zili zambiri, aliyense n'kumayankhula Chingerezi, ndipo dziko lapansi silikadafunsa kanthu. Mafilimu ambiri onena za Africa amapangidwa motero. Iye adasankha kubwera ku Kasungu komweko, pa dothi lofiira lomwelo, ndipo adadzivutitsa kuphunzira chiyankhulo chathu atakula kale. Mitu ya zigawo za filimuyo idalembedwa m'Chichewa, kuyambira kufesa mpaka njala ndi mphepo. Munthu wa ku Brazil kapena ku Japan amene sadamvepo dzina la Malawi adakhala pafupifupi maola awiri akumva mawu athu. Ulemu umenewo ndimaulandira ndi manja awiri. Komanso ndikudziwa kuti eni ndalama za mafilimu amafuna mayina odziwika asanatulutse khobidi. Chimene sindivomereza n'choti tiuzidwe kuti pothokoza tisatchule chimene makutu athu adamva. Mlendo akakubweretsera mphatso n'kukutchula dzina molakwika, umalandira mphatsoyo, kenako umamuuza dzina lako bwinobwino.

Kuseka kuja sikudapite patali. Filimu itafika pa njala, m'chipinda muja mudangoti zii, jenereta yokha ndiyo inkamveka. Adaonetsa anthu akukankhana pa depoti pofuna kugula chimanga. Adaonetsa munthu akulowa m'nyumba ya eni ake n'kulanda kachakudya kotsala. Adaonetsa galu wa William, Khamba, akutha ndi njala. Mayi wina amene adakhala pafupi ndi khomo adadzuka, adamanga chitenje chake, n'kutuluka osayankhula kanthu. Palibe adamufunsa chifukwa. Ambiri a ife m'chipindamo tinali ndi manda athu a chaka chimenecho.

Achinyamata amene mudabadwa pambuyo pake, funsani makolo anu za 2002. Akuuzani za gaga amene kale tinkapatsa nkhumba ndi nkhuku, momwe adasandukira chakudya cholimbirana. Akuuzani za zitsa za nthochi zosinjidwa, za mango aawisi ophikidwa, za mbuzi ndi malata ndi mawailesi ogulitsidwa pa mtengo wa chidebe chimodzi cha chimanga, za anthu ogona pamzere ku ADMARC, za kolera imene idabwera pamwamba pa zonsezo. Mvula idavuta, inde, m'madera ena idachuluka mpaka kukokolola minda. Koma njala ija sidagwe kumwamba kokha. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa chaka cha njalacho chisanafike. Boma linkaloza chala bungwe la IMF kuti ndilo lidalangiza, a IMF ankati iwo adanena zochepetsako chabe, osati kusesa nkhokwe yonse. Ndondomeko ya sitata paki, imene inkafikira alimi onse ang'onoang'ono, inali itachepetsedwa. Ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda.

Apa filimuyi ndimaivulira chipewa. Sidabise ndale. Idaonetsa mfumu Wimbe ikuimirira pamsonkhano wa pulezidenti kupempha kuti boma likonzekere njala, kenako n'kumenyedwa ndi anyamata a chipani, monga momwe bukulo limafotokozera. Idaonetsa anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo yawo ku esiteti ya fodya chifukwa chosowa pogwira, madzi n'kudzawasefukira m'minda. Ife a ku Mchinji, amene taona nkhalango zikuthera m'zigafa ndi m'mabani a fodya, sitidafunikire womasulira pamenepo. Ndi kangati mudaona zinthu zimenezi pa kanema wa kuno kwathu? Mlendo ndiye adabwera ndi kalumo kakuthwa, adameta pamene eni mudzi tinkaopa kukhudza.

Koma pali chinthu china chimene chimandisowetsa mtendere kuposa nkhani ya katchulidwe ka mawu, ndipo chimenechi ochepa okha ndiwo adachitchula. Filimuyi idasintha mathero. M'filimu, William amanga makina ake njala ili pakati, makinawo apopa madzi pachitsime, madzi ayenda m'ngalande, mbewu zimera m'chilimwe, mudzi upulumuka. N'zokoma kuonera, ndipo m'chipinda muja anthu adaomba m'manja. Koma amene adawerenga buku akudziwa kuti sizidayende choncho. Makina oyamba aja adamangidwa njala yoopsa itadutsa, ndipo ntchito yake inali kuyatsa magetsi m'nyumba, kuliza wailesi ndi kutchaja mafoni. William adapanga maswitchi ndi mphira wa patapata, adapanga chodulira magetsi ndi misomali ndi maginito. Zopopa madzi zidabwera patapita zaka, atatchuka ndipo anthu akufuna kwabwino atathandiza ndi ndalama.

Nanga banja la Kamkwamba lidapulumuka bwanji? Bukulo likunena momveka. Ufa utatsala pang'ono, adaganiza zoti mayi aziphika zigumu n'kumagulitsa, kaphindu kake n'kugulira chakudya cha tsikulo. Ankadya kamodzi patsiku, madzulo. Adapirira motero mpaka dowe ndi maungu zidacha m'munda. Ndi mmenenso tidapulumukira ife kuno: ndi maganyu, ndi timabizinesi ta amayi, ndi nkhwani wopanda nsima, ndi kuwerenga masiku mpaka ngaiyaye za chimanga zitauma. Ngwazi za njala ija zambiri zinali zovala zitenje, ndipo zinalibe makina alionse.

Wina anena kuti filimu si buku la mbiri, imayenera kufupikitsa zaka zisanu kuti zikwane madzulo amodzi. Ndikumva. Koma taonani chimene munthu wakunja amatsala nacho akazimitsa kanema. Amatsala ndi chithunzi choti njala ya ku Malawi idagonja kwa mnyamata mmodzi wanzeru ndi njinga ya bambo ake. Chithunzi chimenecho chimatonthoza mtima wa woonera, ndipo chimapeputsa mlandu wa amene adagulitsa chimanga. Chimasenzetsanso ana athu katundu wosayenera, ngati kuti mwana aliyense wa m'mudzi amene sadatulukire makina ndiye kuti sadalimbikire. Pa sukulu zathu zoyendera pano pali ana ambiri a mutu ngati wa William amene adasiyira panjira chifukwa cha fizi, ndipo palibe mtolankhani adawapeza. Njala nayo sidathe. Idabweranso mu 2005, idabweranso mu 2016, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. William mwini wake sadanenepo kuti adathetsa njala. Adauza dziko zoona m'buku lake, kanema ndiye adakometsera.

Za Gule Wamkulu ndingonena pang'ono, poti pawailesi pali malire a zimene munthu angakambe. Ena adadandaula poona zilombo m'filimu ya alendo. Ine ndidaona kuti adazionetsa pamalo pake, pamaliro, zikubwera kudzaperekeza munthu, osati ngati zoseweretsa kapena zoopsezera ana. Gule ameneyu bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, ndipo ife a kuno timawoloka malire chaka ndi chaka mu Ogasiti kupita ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi ku Kulamba. Nkhawa yanga ndi yoti woonera wa kutali amangoona nthenga ndi fumbi, osadziwa kuti pabwalo paja pali chilangizo ndi chidzudzulo. Koma imeneyo si ntchito ya Ejiofor, ndi yathu.

Tsopano funso limene limandiwawa kwambiri: filimuyi adaionera ndani? Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Netflix imafuna intaneti yamphamvu, bandulo yokwera mtengo ndi khadi la kubanki. Ndiye kuti nkhani ya mnyamata wosowa magetsi idaikidwa pamalo pamene anthu osowa magetsi sangafikepo. A ku London ndi ku New York adaionera tsiku loyamba. Ife a mtunda wa maola ochepa kuchokera kwa Wimbe tidadikira fulashi yodutsa m'manja ambiri. Ndipo mu 2019, dziko limene lidatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu a ziyankhulo zina linali Britain, chifukwa makampani ake ambiri anali a kumeneko, kuphatikizapo BBC Films. Chiyankhulo chathu, njala yathu, mwana wathu, koma mbendera ya eni ake.

Sindikunena izi kuti tikhale pansi n'kumalira. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo tikapitiriza kutuma ena kuti akatinenere, tizilandira zimene abwera nazo. Anthu odziwa ntchitoyi tili nawo. Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo yomalizayi ndiyo idakhala filimu yoyamba imene Malawi adatumiza ku Oscar. Joyce Mhango Chavula adapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Gift Sukali adapanga Fatsani. Tisanafike n'komwe pa kanema, dziko lino lidaleredwa ndi masewero a pawailesi, Kapalepale ndi Pamajiga, ndi Izeki ndi Jakobo amene ankatiseketsa uku akutiuza zowawa, ndi Du Chisiza Jr amene ankadzaza maholo ndi Wakhumbata. Mabuku oti n'kusandutsa mafilimu ali m'mashelefu akudyedwa ndi njenjete: Nthondo wa Samuel Josiah Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, Njala Bwana wa Willie Zingani. Amene tidawawerenga kusukulu timawaonabe anthu a m'mabukuwa m'maso mwathu. Chosowa ndi ndalama, malo oonetsera, ndi mtima wolipira ntchito ya mnzathu m'malo mongoikopera pa memori khadi pa mtengo wa mandasi awiri. Pamenepa ndikudziloza ndi ine ndemwe, poti filimu ya William ndidaionera pa fulashi yokopera.

Ndipo taonani luso limene lili m'zipinda za vidiyo zomwezi. Anyamata athu amatenga filimu ya ku China kapena ku India n'kuiyankhulira m'Chichewa chokoma, chodzaza nthabwala ndi miyambi, mpaka agogo amatsatira nkhani yonse. Luso limenelo likadapatsidwa mpata, filimu ya William ikadatha kukhala ndi mawu a Chichewa chenicheni cha ku Kasungu, yoti n'kuionetsa pabwalo la sukulu iliyonse kuyambira kwa Mkanda mpaka kwa Mavwere. Ndikupempha aphunzitsi amene mukundimva: mukaipeza filimuyi aonetseni ana, koma mukatero muwauzenso zimene zili m'buku, za zigumu, za dowe, za maswitchi a patapata. Muitanenso agogo amodzi a m'mudzimo adzafotokoze okha mmene chaka chija adachidutsira, m'mawu awo, ana amve kusiyana kwake.

Usiku uja filimu itatha, anthu adatuluka akukambirana, ena za Chichewa chopindika, ena za chaka cha njala. Mnyamata mmodzi adatsalira, wa zaka ngati 15, amene masana amathandiza kumata matayala a njinga pafupi ndi siteji. Adapempha mwini vidiyo kuti abwezere pamene William akulumikiza dayinamo ku gudumu. Adabwezera. Adapemphanso kachiwiri, atasendera pafupi ndi kanema mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Za katchulidwe ka mawu analibe nazo ntchito, maso ake anali pa mawaya. M'mawa mwake adandipeza pamsika n'kundifunsa kuti, “Achimwene, kodi dayinamo ngati ija ingapezeke kuti?” Njinga za masiku ano zimayendera matochi a mabatire, ndipo tidazungulira mashopu onse a zipangizo za njinga pano pa Kamwendo osaipeza. Ndidamulonjeza kuti ndikadzapita ku Chipata ndikamufunsira. Ngati alipo wina mwa inu amene ali ndi njinga yakale ya agogo yopachikidwa kudenga, dayinamo yake ikadali pa gudumu, tumizani uthenga kuno ku wailesi, ndikudziwa kumene ndingakaipereke.